Zomwe tinapeza m'chitini cha agogo

Mwezi wathawu tinali kukonza m'nyumba ya malemu amalume kumudzi kwathu kuno ku Nsaru, ndiye kunsi kwa bedi tinapezako chitini chakale chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ana anathamangira poganiza kuti muli ndalama. Titatsegula tinapezamo kachikombole kachitsulo kooneka ngati pulayala, timipira ta mtovu 9 totuwa, ndi tizidutswa ta chitsulo 4 tochita kusula, totalika ngati kachala ka mwana. Amayi aang'ono atangosuzumira anati, "Ii, izi ndi za bambo, za gogodela uja." Mfuti yeniyeniyo kulibe, inaperekedwa ku boma ine ndisanabadwe.

Ine ndimaphunzitsa History. Chaka chilichonse ndikafika pa malonda a minyanga ya njovu ndimauza ana kuti makolo athu ankapereka minyanga n'kulandira nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, kenako timapitirira. Sindinadzifunsepo kuti kodi m'mfutimo ankaikamo chiyani. Chitinichi ndicho chinandiimitsa. Bwanji mlenje mmodzi, wa mfuti imodzi, ankasunga zipolopolo za mitundu iwiri?

Kwa inu achinyamata amene simunaonepo gogodela, iyi ndi mfuti yothirira kukamwa. Mlenje ankathira wonga mumpope, n'kuikapo kansanza, kenako chipolopolo, n'kutsendera zonsezo ndi ndodo. Kuwombera kamodzi, ntchito yonseyi kuyambiranso. Choncho mlenje aliyense ankadzipangira yekha chiganizo cha kuchuluka kwa wonga ndi mtundu wa chipolopolo, molingana ndi nyama yomwe akuitsata. Ku America ndi ku South Africa kuli alenje mpaka lero amene amadzilongedzera okha zipolopolo kunyumba, ali ndi sikelo ndi mabuku a miyezo. Funso lomwe amakanganirana ndi lomwelija la agogo: chofewa kapena cholimba?

Tiyambe ndi mtovu. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, kutanthauza kuti phale ndi makala a pakhomo n'zokwanira. Ndi wolemeranso, moti kampira kakang'ono kamanyamula mphamvu yambiri. Ndipo ndi wofewa. Ukalowa m'thupi la nyama umaphwatalala, bala limakula mkati, nyama imagwa msanga. Kwa gwape, mbawala kapena nguluwe palibe chouposa. Vuto limabwera pa njati ndi njovu. Kufewa komweko kumachititsa kuti ukagunda fupa lalikulu uphwatalale usanafike pa mtima. Vuto lina linali lakuti mtovu sunali wathu. Unkabwera ndi amalonda kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, pamodzi ndi wonga, ndipo unali wodula.

Chitsulo ndiye chinali chathu. David Livingstone atadutsa kufupi ndi mapiri a Dzalanyama chakumapeto kwa 1866, pa ulendo wake wolowera ku Luangwa, analemba za ng'anjo ndi osula zitsulo omwe ankawapeza m'midzi ya Achewa. Munthu amene amasula khasu ndi nkhwangwa sangalephere kusula chipolopolo. Koma chitsulo chimasungunuka pa madigiri oposa 1,500, choncho sichinali chothira m'chikombole ayi, chinali chomenya ndi nyundo mpaka chilowe mumpope. Sichinkakwana ndendende. Mphamvu ina ya wonga inkathawira m'mbali, chipolopolo chinkapita mopepeluka, ndipo chinkakanda mpope mkati mpaka mfuti kutha msanga. Ubwino wake unali umodzi wokha: sichiphwatalala, chimaboola. N'chifukwa chake alenje a njovu ankayenera kuyandikira kwambiri, ndipo kawirikawiri ankawombera angapo nthawi imodzi. Anthu ocheka minyanga ku Ulaya ankapeza zipolopolo zitakwiririka mkati mwa mnyanga, kusonyeza kuti njovuyo inapulumuka n'kukhala nacho zaka zambiri.

Akatswiri pa ntchitoyi anali Achikunda, omwe anachokera m'minda ya Apwitikizi ku Zambezi, cha ku Tete ndi ku Zumbo, n'kumakwera ndi chigwa cha Luangwa kufunafuna njovu. Mtsogoleri wa gulu la alenje ankatchedwa nkumbalume. Njovu ikagwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu ya dzikolo. Ndimakonda kuuza ana mfundo imeneyi chifukwa imasonyeza kuti msonkho sunabwere ndi Azungu, ngakhale iwo anadzaukometsa.

Musaganize kuti Azungu oyambirira anali ndi nzeru zina zapadera. Frederick Selous, amene anayamba kusaka njovu m'dziko la Amandebele mu 1872, ankagwiritsa ntchito mfuti yothirira kukamwa ngati yomweyi, kungoti yaikulu. Chipolopolo chake chimodzi chinkalemera magalamu pafupifupi 113, ndipo wonga ankachita kutapa ndi dzanja m'thumba. Mfutiyo inkamukankha koopsa. Alenje a nthawi imeneyo ankasakaniza mtovu ndi zitsulo zina monga tin kuti ulimbeko. Yankho lawo pa njovu linali kukulitsa mpira basi.

Zinthu zinasintha mofulumira m'zaka za m'ma 1880. Mu 1882 Eduard Rubin wa ku Switzerland anapanga chipolopolo cha mtovu chovekedwa chikhungwa cha mkuwa, ndipo mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapanga wonga wopanda utsi, wamphamvu kuposa wakale uja. Tsopano kachipolopolo kakang'ono kankatha kuthamanga kwambiri osaphwanyika. W.D.M. Bell, mlenje wa ku Scotland amene anapha njovu zoposa 1,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zambiri anazipha ndi mfuti ya 7x57, chipolopolo chake cholemera magalamu 11 okha. Onani kusiyana kwake: 113 kwa Selous, 11 kwa Bell, patangodutsa zaka pafupifupi 30. Bell ankasankha chipolopolo cholimba chosaphwatalala, n'kulunjika ku ubongo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Pa nthawi yomwe luso latsopanoli linkafika, maiko a ku Ulaya anakumana ku Brussels mu 1890 n'kusainirana pangano lothetsa malonda a akapolo. M'panganomo anaikamo lamulo loletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kwathu kuno. Zomwe analola kuti zizigulitsidwa ndi mfuti zakale zoyatsira mwala ndi wonga wamba. Cholinga chothetsa ukapolo sinditsutsana nacho, makolo athu anavutika nawo ukapolo umenewo. Koma zotsatira zake zinali zoonekeratu. Chaka chotsatira, mu 1891, dziko lino linakhala pansi pa Angerezi, ndipo mafumu omwe anali ndi mfuti zambiri anathyoledwa mmodzimmodzi. Mwase wa ku Kasungu, yemwe analemera ndi minyanga, anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895. Alfred Sharpe, yemwe anabwera kuno mu 1887 ngati mlenje wa njovu, anadzakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland mu 1907. Mlenje wachizungu ankaitanitsa zipolopolo ku London, zofewa bokosi lake, zolimba bokosi lake. Mlenje wachichewa anatsala ndi phale ndi nyundo. Ndikuganiza kuti ichi ndicho chifukwa chake agogo anga, omwe anabadwa nkhondo yoyamba itangotha, ankathirabe mtovu m'chikombole m'ma 1950.

Nthawi ya agogo njovu zinali zitatha kale kuno. Fodya atafika m'ma 1920, nkhalango zinagwa, ndipo mfuti inatsala ya nguluwe ndi anyani a m'munda. Nanga zachitsulozo zinali za chiyani? Amayi aang'ono anandiuza usiku womwewo, titakhala pakhonde. Akuti chaka china mtovu unawathera agogo pamene nguluwe zinali zitavuta m'chimanga, ndiye anapita kwa wosula n'kukasulitsa zachitsulo. Usiku anadikirira pa nsanja, nguluwe yaikulu inabwera, anawombera. Chipolopolo chinalowa uku n'kutulukira uko, bala lake laling'ono, nyama n'kuthawa. Anatsata magazi pang'ono, mdima unawagonjetsa, anakagona. M'mawa mwake mayi wina wa mudzi woyandikana nawo ankapita kudimba, anaipeza ili gone m'bango, yolusa ndi ululu. Inamung'amba ntchafu. Anachira, koma anatsimphina moyo wake wonse. Mlandu unapita kwa a nyakwawa ndipo agogo analipira mbuzi ziwiri.

"Kuyambira pamenepo," anatero amayi aang'ono, "mtovu ukawathera bambo ankangotenga chitini kukaimba kumunda. Zachitsulozo sanazikhudzenso, koma kutaya anakana."

Nditabwerera kunyumba ndinakumbukira nkhani ya John Nosler wa ku America, yemwe anakumana ndi vuto lomweli koma mbali inayo. Mu 1946 anawombera nyama yaikulu yotchedwa moose ku Canada, ndipo zipolopolo zake zinkaphwanyika zisanalowe mkati. Anakapanga chipolopolo chokhala ndi khoma pakati, kutsogolo kofewa kuti kuphwatalale, kumbuyo kotetezedwa kuti kupitirire kuboola, ndipo mu 1948 anayamba kuchigulitsa ndi dzina loti Partition. Iye anatsegula kampani, agogo analipira mbuzi.

Lero nkhani ya mtovu yafika pena. Zadziwika kuti tizidutswa take totsalira mu nyama ndi poizoni kwa miimba ngakhale kwa anthu odya nyamayo, moti ku California analetseratu kusakira zipolopolo za mtovu kuyambira mu 2019, ndipo alenje ambiri asamukira ku za mkuwa wokhawokha. Kwathu kuno funso la mlenje wa njovu linatsekedwa ndi lamulo. Malamulo a nyama zakutchire omwe anakonzedwanso mu 2017 amafika mpaka zaka 30 m'ndende, ndipo njovu 263 zomwe zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022 zili ndi asilikali ozilondera. Magogodela osula okha amagwidwabe ndi anthu opha nyama mozemba, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chitinicho ndinapita nacho kusukulu. Tinabwereka sikelo ya mu labu, ana a Fomu 3 n'kuyeza okha. Kampira ka mtovu kanalemera magalamu 29. Kachitsulo, ngakhale kanali kotalikirapo ndithu, kanalemera 24. Mtsikana wina anafunsa ngati sikelo yawonongeka, ndiye tinatha piriyodi yonse tikukamba za Physics m'malo mwa History. Loweruka lotsatira ndinakabweza chitinicho, chifukwa amayi aang'ono anali atatumiza kale uthenga kawiri kuti zinthu za bambo awo zisagone kwa eni.