ALICK NKHATA: MWINI DZINA LA MSEU WA KU KALINGALINGA

Mseu uja ucokera ku Longacres, nupyola pa Mass Media pamene pali nyumba ya wailesi ya ZNBC, nulambalala Kalingalinga kulinga ku Mtendere, uchedwa Alick Nkhata. Tsiku lina ndinaima pa amisiri oocerera zitseko za citsulo m'mbali mwa mseuwo, ndipo ndinawafunsa kuti mwini dzinali anali yani. Wina anati inali nduna ya Boma. Mnzace anati iai, inali mfumu. Palibe anati anali woyimba. Ici ndico cifukwa cace ndifuna kukamba za iwo madzulo ano.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate ao anali Mtonga, amai ao Mbemba, kotero kuti anakula ndi zinenero zoposa cimodzi m'kamwa. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analembedwa usilikali nafika ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Bwana Hugh Tracey, Mzungu uja anali kuyenda m'midzi ya Afrika ndi makina ojambulira nyimbo. Apa mpamene anaphunzira kuti nyimbo ya nkhalamba ya pamtondo iri ndi mtengo, ndipo iyenera kusungidwa.

Tsono kuti timvetse nchito yao, tiyambe taona za kabokosi kamene kanawapatsa mbiri. Wailesi ya Lusaka inayamba m'caka ca 1941 cifukwa ca nkhondo, koma munthu wakuda analibe pomvera, pakuti makinawo anali odula koposa. Bwana Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, anavutika kufuna-funa kampani yopanga wailesi yochipa, kufikira a Ever Ready a ku England anabvomera. M'caka ca 1949 kanafika kawailesi konga sefuliya, kamene Azungu anakacha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire yace masheleni 25. Sizinali ndalama zocepa kwa munthu wa tikiti, komabe anthu anadzimana nagula. Nyumba imene munali kasefuliyako sinali kusowa alendo dzuwa likapendeka.

Mau amene anali kuturuka m'menemo anali a Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. A Nkhata analowa m'nyumbayo monga muulutsi ndi womasulira, koma anthu anawadziwa ndi gitala. Iwo ndi anzao anali kutenga nyimbo ya kumudzi, naibveka zobvala za m'tauni, naibweza kwa eni ace. Ena a inu mukumbukira "Shalapo", "Taxi Driver" ndi "Kalindawalo ni Mfumu", ija ichula mfumu ya Ansenga ya ku Petauke. Pambuyo pace panabadwa Lusaka Radio Band, imene inadzasanduka Big Gold Six.

Tsopano ganizani za munthu wa masiku amenewo. Wacoka ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Cipata, kapena ku Nyasaland. Agona m'kanyumba ka ku Matero kapena m'komboni ya ku Nkana. Citupa ciri m'thumba, msonkho umlonda, mkazi ali kutali. Ambuya ace omlangiza palibe. Munthu wotere, pomva cinenero ca kwao cikuturuka m'makina a Azungu, ndi nyimbo yonena za cikondi, za ndalama ndi za makhalidwe a m'tauni amene iye mwini ali kulimbana nao, anali kudziwa kuti sanaiwalike. Pologalamu ya "Zimene Mwatifunsa" inali kunyamula moni wa anthu otere kunka kwa abale ao. Ine ndiyesa cifundo ceni-ceni ca a Nkhata cinali pamenepa. Analibe matumba a ufa ogawira osauka; anagawira alendo a m'tauni cinthu cowakumbutsa kuti ali anthu, ndi malangizo osakalipa, obisika m'nthabwala.

Koma tisabise mbali yowawa. Wailesiyo inali ya Boma, ndipo malipiro a aulutsi anali kucokera ku Boma. M'zaka za 1952 ndi 1953, pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukakamizidwa pa anthu osacifuna, aulutsi akuda ndiwo anali kuwerenga nkhani za Bomalo m'zinenero zathu. Nthawi yomweyo kunabuka mbiri ya banyama, anthu ogwira anzao usiku ndi kuwacotsa mwazi, ndipo m'makomboni kunamveka kuti a pa wailesi nawonso ndi banyama. Bwana Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa nyumbayo, analemba za mantha amenewo m'buku lace "Wayaleshi" la 1959. Ife a nchito yino tikawerenga pamenepo thupi licita tsemwe, pakuti Mzungu akaweruka anali kupita ku mayadi, koma muulutsi wakuda anali kubwerera kukagona pakati pa anthu omwe ali kumnong'oneza.

A Nkhata sanataye maikolofoni, ndiponso sanataye anthu ao. Pofika nthawi ya kumenyera ufulu anayimbira cipani ca UNIP ca a Kenneth Kaunda. Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, mnyamata uja wa gitala anakwera nakhala mmodzi wa akuru oyendetsa wailesi ya Zambia, natsogoleranso nchito ya Boma yosunga miyambo. M'caka ca 1974 anapuma napita kukalima ku Mkushi.

Kumeneko nkhondo ya eni ace inawapeza. Pa 19 October 1978 ndege ndi asilikali a Boma la Ian Smith analowa m'Zambia kudzakantha misasa ya ZIPRA, ankhondo a Joshua Nkomo. M'mawa anaphulitsa msasa wa Cikumbi, kumpoto kwa Lusaka, uko mtsogoleri wa ndegezo, wodzicha Green Leader, ali kulamula a pa bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zisauluke. Tsiku lomwelo anakantha msasa wa ku Mkushi, m'mene munali atsikana ambiri. Munda wa a Nkhata unali pafupi, ndipo iwo anaphedwa pa ciwembuco. Munthu amene anabwera wamoyo ku Burma anafera pakhomo pace.

Nyimbo zao zina anazisonkhanitsa a RetroAfric ku London m'caka ca 1991, pa cimbale cochedwa "Shalapo". Nditapeza nyimbozo ndinapita nazo kwa ambuya anga ku Mtendere, amene maso ao acita kale nkhungu. Gitala itangolira anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, kweza pang'ono, awo ndi a Aliki."