Indie

Indie ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti independent, kutanthauza woima payekha. Masiku ano ambiri akamva indie amangoganiza za kulira kwa magitala, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa poyamba mawuwa sankanena za kamvekedwe ka nyimbo ayi. Ku Britain, nyimbo za punk zitayamba kuzilala, ankatanthauza kampani yaing'ono yotulutsa nyimbo osadalira zimphona ngati EMI.

Taonani Factory Records ya ku Manchester, yomwe idayamba mu 1978. Tony Wilson ankaiyendetsa kwinaku ali mtolankhani pa Granada Television. Phindu ankagawana pakati ndi oimba, nyimbozo n'kukhalabe za eni ake. Kumeneko ndiko kudatuluka chimbale cha Unknown Pleasures cha gulu la Joy Division mu 1979. Ngongole zidagwetsa kampaniyi mu 1992.