Chiphaso cha Ntchito ya Ufufuzi Woima Paokha m'Dziko la South Africa: Zofunika Kudziwa kwa Amalawi

Amalawi ambiri amene amapita ku South Africa kukasaka ntchito amalowa m'ntchito za chitetezo, ndipo ena mwa iwo, makamaka amene anagwirapo ntchito ya upolisi kapena ya usilikali, amafuna kukhala ofufuza oima paokha. M'dzikolo ntchito imeneyi siigwiridwa ndi aliyense amene waifuna. Imayendetsedwa ndi lamulo la Private Security Industry Regulation Act, nambala 56 la chaka cha 2001, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2002 ndipo linakhazikitsa bungwe la Private Security Industry Regulatory Authority, lodziwika ndi dzina lachidule loti PSiRA. Likulu la bungweli lili ku Centurion, pafupi ndi Pretoria.

Wofufuza woima payekha ndani

Malinga ndi lamuloli, wofufuza woima payekha ndi munthu amene si wa boma, koma amafufuza mbiri, khalidwe, zochita kapena katundu wa munthu wina m'malo mwa amene wamutuma, popanda chilolezo cha wofufuzidwayo. Maloya, akatswiri owerengera chuma ndi akatswiri a sayansi yofufuza umboni sawerengedwa m'gululi pamene akuchita kafukufuku wogwirizana ndi ntchito yawo ya masiku onse. N'chimodzimodzinso ndi ogwira ntchito pakampani amene amafufuza zolakwa za anzawo mkati mwa kampaniyo.

Lamuloli limaika ufufuzi m'gulu limodzi ndi ulonda ndi ntchito zina za chitetezo. Choncho gawo 20 limaletsa munthu aliyense kugwira ntchitoyi molandira malipiro asanalembetse ku PSiRA.

Zoyenera kukwaniritsa

Gawo 23 limafotokoza kuti wopempha chiphaso akhale munthu wodalirika ndi woyenera ntchitoyi, wa zaka zosachepera 18, ndiponso wa maganizo angwiro. Akhale atamaliza maphunziro ofunika pasukulu yovomerezedwa ndi bungweli. Maphunziro a ntchito za chitetezo ali m'magiredi asanu, kuyambira E mpaka A, ndipo A ndiyo yapamwamba. Asakhale atapezeka wolakwa pa milandu yotchulidwa kumapeto kwa lamuloli m'zaka 10 zapitazo, kapena pa mlandu wophwanya mwambo wa ntchitoyi m'zaka 5 zapitazo. Pempho limaperekedwa pamodzi ndi zidindo za zala zonse ndi ndalama yolembetsera.

Amene anakhalapo msilikali, wapolisi kapena kazitape wa boma, kaya ku South Africa kapena m'dziko lina lililonse, amayenera kuperekanso kalata yomuyeretsa. Mfundoyi imakhudza amene anapuma ntchito ku Malawi Police Service ndi ku Malawi Defence Force, ndipo nkwanzeru kukonza makalata onse a ntchito yakale asananyamuke.

Wofuna kutsegula kampani ya ufufuzi amalembetsa kampaniyo payokha. Kampani siilembetsedwa pokhapokha eni ake ndi onse oiyendetsa atalembetsa aliyense m'dzina lake.

Nkhani ya unzika

Mfundo imene imalepheretsa Amalawi ambiri ndi yakuti wopempha akhale nzika ya South Africa kapena akhale ndi chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika. Chidindo cha mlendo chimene munthu amalandira pachipata sichimupatsa ufulu wogwira ntchito, ndipo ngakhale chilolezo chogwirira ntchito kwa kanthawi sichikwaniritsa mfundoyi. Chilolezo chokhala mokhazikika chimaperekedwa ndi Department of Home Affairs potsata lamulo la Immigration Act la chaka cha 2002, osati ndi PSiRA.

Mu Disembala 2006, bwalo la Constitutional Court linagamula pa mlandu umene gulu la Union of Refugee Women linasumira bungweli kuti mfundo ya unzikayi siitsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Bwaloli linakumbutsanso kuti gawo 23(6) limapatsa PSiRA mphamvu yolembetsa munthu amene sanakwaniritse mfundo zina ngati wapereka zifukwa zomveka. Mwayi umenewu si ufulu wa aliyense: udindo wopereka zifukwazo uli pa wopemphayo, ndipo pempho lililonse limaunikidwa palokha. Amene pempho lake lakanidwa ali ndi masiku 60 ochitira apilo.

Malire a chiphaso

Chiphaso cha PSiRA sichisandutsa munthu kukhala wapolisi. Wofufuza alibe mphamvu yolowa m'nyumba ya munthu kukachita chipikisheni, ndipo akadzitcha wapolisi wapalamula mlandu. Lamulo la RICA la chaka cha 2002 limaletsa kumvetsera mobisa zokambirana za anthu ena pafoni kapena kutchera mauthenga awo. Lamulo la POPIA la chaka cha 2013, lomwe linayamba kukhwimitsidwa pa 1 Julayi 2021, limaika malire pa katoledwe ndi kasungidwe ka mbiri ya anthu. Mfuti nayo ili ndi lamulo lake la Firearms Control Act la chaka cha 2000, ndipo kulembetsa ku PSiRA sikupereka chilolezo chosunga mfuti.

Zilango ndi chenjezo

Wogwira ntchitoyi asanalembetse akhoza kulipitsidwa chindapusa, kuikidwa m'ndende kwa zaka zosapitirira 5, kapena zonse ziwiri. Akabwereza, zaka zikhoza kufika 10. Amene walemba ntchito wofufuza wosalembetsa akudziwa nayenso amapalamula. Kwa mlendo, mlandu wotere ukhoza kuononganso mwayi wake wokhala m'dzikolo.

Amalawi akuchenjezedwa kuti asapereke ndalama kapena pasipoti kwa anthu amene amalonjeza chiphaso cha PSiRA popanda maphunziro kapena asanafike n'komwe m'dzikolo. Chiphaso chogula kuseri n'chachinyengo, ndipo amene amamangidwa nacho ndi wochinyamula. Asanalipire sukulu iliyonse, wofuna maphunziro atsimikize ku PSiRA kuti sukuluyo ndi yovomerezeka. Ofuna thandizo pa makalata ochokera kumudzi angapite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yoimira Malawi ku Johannesburg.