Kashiamu, mchere womanga chigoba cha dzira

Mawu akuti kashiamu tidabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti calx, kutanthauza laimu. Ndi mchere wa m'thupi umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Kwa woweta abakha, tanthauzo lake limaonekera pa dzira, pakuti pafupifupi chigoba chonse chimapangidwa ndi mchere umenewu.

Bakha woikira amaumba chigoba usiku, n'kuikira m'bandakucha. Kashiamu akachepa m'chakudya, thupi limakatapa m'mafupa ake omwe. Apo ndiye mumatola dzira lofewa ngati chikopa, lobonyeka mukaligwira ndi chala. Nthawi zina dzira limakanirira m'mimba. Bakha amangokhala ndwii, akukankha osatulutsa kanthu, mwinanso kufa kumene. Zimandimvetsa chisoni chifukwa ambiri timadalira madeya okha, pomwe madeya alibe kashiamu wokwanira.

Sinjani zigoba za nkhono kapena za mazira, mutaziwaula kaye pamoto kuti tizilombo tife, ndipo muziike m'mbale yapadera. Abakha aziwotheranso dzuwa, poti vitamini D amene thupi limapanga padzuwa ndiye amathandiza thupi kuyamwa kashiamuyo. Anapiye musawapatse kashiamu wochuluka, amawononga impso.