DNAH5: Jini yoyendetsa tiubweya ta m'mapapu

M'kati mwa mphuno ndi m'njira zopita ku mapapu muli tiubweya ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa cilia. Tiubweyati timamera pa maselo, ndipo timakupiza kakhumi kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, kukankhira mamina, fumbi ndi tizilombo kukhosi kuti zisakhazikike m'mapapu.

Kuti tiubweyati tiyende, thupi limadalira malangizo ocokera kwa makolo ochedwa majini. Imodzi mwa majini amenewa ndi DNAH5, imene ili pa chromosome ya nambala 5. Jiniyi imalamula kapangidwe ka mbali ina ya puloteni yochedwa dynein, imene imagwira nchito ngati injini m'kati mwa kaubweya kalikonse.

DNAH5 ikakhala ndi vuto, tiubweya timamera ndithu koma timalephera kukupiza. Zotsatira zake ndi matenda a primary ciliary dyskinesia, mwacidule PCD. Mwana amavutika kupuma atangobadwa, amatsokomola makhololo caka conse, mphuno zimatsekeka, ndipo makutu amadwala kawirikawiri. Cifuwa cotere cikhoza kuyesedwa TB kapena mphumu.

Pafupifupi theka la odwala PCD amabadwa ndi mtima kudzanja lamanja ndipo ciwindi kumanzere. Cifukwa cake n'cakuti tiubweya tina timayendetsa madzi m'mluza mimba ikadali yaing'ono, ndipo kuyenda kwa madziwo ndiko kumasankha mbali ya ziwalo.

Dotolo Manes Kartagener wa ku Zurich anafotokoza zizindikilozi mu 1933. Mu 1976, Björn Afzelius wa ku Sweden anaonetsa kuti tiubweya ta odwalawa tilibe dynein. Mu 2002, gulu la Heymut Omran ku Freiburg, m'dziko la Germany, linatsimikiza kuti DNAH5 ndi imodzi mwa magwero ake. Majini oposa 50 ndiwo adziwika kuti amayambitsa PCD.

Matendawa si opatsirana. Nthawi zambiri mwana amadwala akalandira jini yolakwika kwa atate ndi amai omwe. Makolo otere amakhala athanzi, koma pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi.

Mankhwala ocizira PCD kulibe. Komabe kucotsa makhololo m'cifuwa tsiku ndi tsiku, mankhwala opha tizilombo, katemera ndi kupewa utsi wa fodya ndi wa nkhuni zimateteza mapapu, makamaka vutolo likadziwika mwana akadali wamng'ono.