Mbiri ya Khate m'Dziko la Tiyi

Njanji yopita pa Khonjeni inatha kumangidwa m'chaka cha 1908, kuchokera ku Nsanje, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Port Herald, kufikira ku Blantyre. Pambuyo pake tiyi anafalikira m'mapiri a Thyolo, ndipo anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, anadza kudzagwira ntchito m'minda ya Azungu. Nthenda zinalipo zamitundumitundu, monga malungo, njoka za m'mimba ndi zilonda za m'miyendo. Koma imene anthu ankaiopa koposa zonse inali khate.

Munthu akaona banga lotuwa pakhungu pake ankalibisa ndi nsalu, pakuti ankadziwa chimene chidzatsata. Abale ake adzaleka kudya naye m'mbale imodzi, nadzam'mangira kanyumba kunja kwa mudzi. Ena ankati walodzedwa, ena ankati ndi nthenda yakumtundu. Zonse ziwirizi si zoona. M'chaka cha 1873, dotolo wa ku Norway dzina lake Gerhard Armauer Hansen anakaona ndi galasi lokuza zinthu kachilombo kamene kadzetsa khate. Koma nzeru imeneyi inachedwa kufika m'midzi.

M'boma lomweli la Thyolo, ku Makwasa, mpingo wa Seventh-day Adventist unagula malo mu 1902, ndipo mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo. Dr. Carl Birkenstock anafika kumeneko mu 1925, ndipo posakhalitsa anayamba mudzi wa odwala khate. Anthu anadza ochokera pafupi ndi kutali. Mankhwala a nthawi imeneyo anali mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, amene ankabaya nawo odwala pansi pa khungu. Jakisoni wake anali wowawa ndithu, ndipo munthu ankabayidwa miyezi yambiri, kapena zaka. Ena anachira nabwerera kwawo.

Tsono kodi anawachiza ndani? Lero madotolo adziwa kuti mafuta aja anali ofooka kwambiri polimbana ndi kachilomboko. Adziwanso kuti khate lili ndi mitundu. Mtundu wina umaonetsa banga limodzi kapena awiri okha, ndipo kawirikawiri umatha wokha, chifukwa thupi laugonjetsa. Koposa apo, mwa anthu 100 amene kachilomboko kawafikira, pafupifupi 95 sadwala konse. M'magazi mwathu muli tinthu tating'ono toyera timene timazinga tizilombo ndi kutiwononga, mwini thupi osadziwa kanthu. Motero tiyenera kuganiza kuti ambiri a iwo amene anachira masiku aja anachizidwa ndi matupi awo omwe. Sitikupeputsa ntchito ya chipatala ayi. Munthu amene anathamangitsidwa kwawo anapeza kumeneko chakudya, pogona, wom'tsuka zilonda, ndi anzake ocheza naye osamunyansidwa. Thupi limafuna zimenezi kuti lichite ntchito yake.

Umboni wina unachokera ku India. Kumeneko, pa chipatala cha ku Vellore, kunali dotolo Mngelezi, Paul Brand, amene anafikako mu 1946. Anthu onse ankakhulupirira kuti khate limadya zala. Brand anayang'anitsitsa odwala ake nazindikira kuti si tero. Kachilomboko kamaononga mitsempha yomvera, ndipo dzanja kapena phazi limachita dzanzi. Mayi agwira mphika wotentha, osamva kupsa. Bambo aponda munga, nayenda nawo tsiku lonse. Chilondacho chipondedwa lero, chipondedwanso mawa, chichita mafinya, kufikira fupa litaonongeka. Koma phazi lotere akalikulunga m'chikhakha kuti lipume milungu ingapo, chilonda chimapola monga chilonda cha munthu wina aliyense. Mnofu wa wodwala khate sunali woola konse, unangosowa ululu, umene uli mthenga wouza mutu kuti, "Leka, wavulala." Inu amene muthyola tiyi kapena kulima osavala nsapato mudziwa bwino kuti munga ukakulasani mumaima pomwepo ndi kuuzula. Ululu womwewo, umene timaudandaula, ndiwo usunga zala zanu.

Nanga mtima ndi maganizo? Makolo athu ankati munthu wa nkhawa amaonda, ndipo pamenepa sanalakwe. M'chaka cha 1995, ku Ohio m'dziko la America, Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake anayesa amayi 13 amene ankasamala abale awo odwala nthenda yoiwalaiwala, pamodzi ndi amayi ena 13 opanda mtolo wotere. Aliyense anam'cheka kabala kakang'ono kofanana pamkono. Mabala a amayi olemedwa mtima aja anatenga masiku pafupifupi 49 kuti apole, pamene a anzawo anatenga 39. Ngati nkhawa ichedwetsa kabala kakang'ono ndi masiku ochuluka chotero, taganizani za munthu wosiyidwa yekha m'kanyumba kuthengo. Ndiponso mantha anali ndi choipa china chachikulu: ankachititsa munthu kubisa banga lake kufikira mitsempha itafa. Apa ndipo pathera mphamvu ya thupi, pakuti mtsempha ukaferatu subweranso, ndipo chala chikaduka sichiphuka.

Chifukwa chake mankhwala enieni anafunikabe. Mapiritsi a dapsone anayamba kufalikira m'zaka za m'ma 1950. Patapita nthawi kachilomboko kanayamba kuwazolowera, ndipo mu 1981 bungwe la World Health Organization linalangiza kuphatikiza dapsone ndi rifampicin ndi clofazimine. Munthu akamwa amenewa miyezi 6 kapena 12 amachira, ndipo atangoyamba kumwa saopsezanso anzake. Ku Karonga, kumene kufufuza za khate kunayamba mu 1979, anapeza kuti katemera wa BCG, uja wosiya kachipsera pamkono, amene cholinga chake ndi kuteteza chifuwa chachikulu, amachepetsa khate ndi theka. Katemera sapha kachilombo. Amangophunzitsa thupi kum'dziwa mdani asanafike.

Pofika 1994, odwala khate m'Malawi anachepa kufikira osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Komabe khate silinatheretu, ndipo chaka ndi chaka amapezeka odwala atsopano. Kuliyesa kwake koyamba n'kosavuta. Wodwala amatsinzina, ndipo wa chipatala amakhudza bangalo ndi kathonje, nakhudzanso khungu labwino pambali pake, nam'funsa aloze pamene wamva.