Momwe kulimbitsa thupi kumatsitsira mafuta m'magazi munthu akadya

Munthu akadya chakudya chamafuta monga tchipisi cha pachiwaya, nyama ya nkhumba kapena mandasi, matumbo amalongedza mafutawo m'timibulu ting'onoting'ono n'kutitumiza m'magazi. Mafutawa, amene madokotala amawatchula kuti triglycerides, amafika pachimake pakatha maola 3 mpaka 5 ndipo amatsika pakatha maola 6 mpaka 8. Choncho amene amadya katatu patsiku amakhala ndi mafuta okwera m'magazi pafupifupi usana wonse.

Mu 1979, katswiri wa ku America, Donald Zilversmit, adafotokoza kuti zotsalira za timibuluti zimakanirira m'makoma a mitsempha ya magazi. Mitsempha ikapanikizika chonchi, mtima umavutika ndipo munthu angathe kuchita sitiroko.

Minofu imene yagwira ntchito imachulukitsa enzaimu yotchedwa lipoprotein lipase, yomwe imaphwanya mafuta a m'magazi kuti minofuyo iwagwiritse ntchito. Nachonso chiwindi chimachepetsa mafuta amene chimatulutsa. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Loughborough ku England adaonetsa kuti munthu akayenda ndawala madzulo, mafuta a chakudya cha m'mawa mwake sakwera kwambiri. Kuyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku kumathandizanso, bola mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito zikhale zokwanira.

Koma phinduli silikhalitsa. Munthu akangokhala masiku awiri kapena atatu osagwiritsa ntchito thupi, mafuta amayambanso kukwera monga kale, ngakhale atakhala kuti adali katswiri wothamanga.

Kuchigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, mlimi amene akugalauza, kupalira kapena kupalasa njinga kupita kumsika amapeza phinduli osalowa m'nyumba ya masewero. Chiopsezo chimabwera zokolola zikalowa m'nkhokwe, pamene khasu lapumula koma ndalama yogulira zokazinga ilipo. Chimodzimodzinso mwana wa ku Bwanje amene adasamukira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, yemwe amatandala pampando muofesi n'kubwerera kunyumba pa kabaza wa njinga yamoto.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Pankhani ya mafuta a m'magazi, ndi bwino kugawa mphindizi m'masiku ambiri kusiyana ndi kudikira Loweruka lokha. Odwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayambe aonana ndi achipatala.